Za kabotolo kathu ndi tomato wa pa Jenda

Inu amene munatsala ku Mzuzu, mverani kuno a Msungichuma asanakuuzeni zawozawo.

Tinanyamuka 4 koloko m'mawa ulendo wa ku Lilongwe, ndipo mlendo wolemekezeka m'minibasimo anali kabotolo kaja: kanyama kodulidwa pa chotupa cha m'kholingo, njira ya mpweya yopita kumapapo, kali mu fomalini, mankhwala oletsa kuwola, kopita kukapimidwa ku labu. Kanachokera kwa wodwala tinamukambirana uja, wopuma molira ngati mluzu, amene anamwa mankhwala a mphumu mpaka kutopa, makina opimira a GeneXpert osapezanso TB.

M'Chikangawa nkhungu inali yoti dzanja lako osaliona. Teyala linaphulika momwemo, ndipo abambo onse anasanduka mafolomani, manja m'thumba, pamene asisita athu awiri ankapukusa jeke. Pa Jenda a Msungichuma anagula mabeseni awiri a tomato n'kuwasanjika pakatoni ya kabotolo. Titafika pa Kasungu a Tcheya anafunsa kuti, "Kodi mlendo wathu ali kuti?" Zii. Tinatsitsa katundu yense pamsewu, a Tcheya akukalipa m'Chichewa, kenako m'Chitumbuka, chizindikiro chakuti zafika poipa. Kabotolo kanapezeka kali bwinobwino, kovala tomato wophwanyika. A Msungichuma akuti anakaika pamthunzi dala.

Ku labu ya chipatala cha Kamuzu Central tinaona njira yonse. Kanyama amakachotsa madzi, kukaumitsa m'phula, kukasenga mopyapyala kuposa tsitsi, mamaikuloni 3 mpaka 5, kenako kukapaka utoto wa H&E kuti kaoneke bwino pa maikulosikopu. A ku labuwo anatikumbutsa kuti zotupa zoyambira m'kholingo n'zosowa, sizili ngati khansa yakummero imene timaiona kawirikawiri. Mwa akuluakulu zimakonda kukhala ziwiri: squamous cell carcinoma, yofala mwa osuta fodya, ndi adenoid cystic carcinoma, yosasankha wosuta, yokula pang'onopang'ono motsata minyewa. Yachiwiriyi anationetsa pa maikulosikopu, timabowo tokhatokha ngati sefa. Ine ndinaiona bwino. A Mlembi ankangoona nsidze zawo. Anatitsinanso khutu kuti fomalini azichuluka kakhumi kuposa kanyamako, ndipo fomu tizilemba malo enieni pomwe kachokera.

Zikomo asisita chifukwa cha teyala, adalaivala chifukwa chopirira nyimbo zathu, ndi amayi a kulabu amene analandira katoni yonunkha tomato osafunsa kanthu. Zotsatira akuti atitumizira. A Msungichuma, beseni lotsala lija tinagwirizana kuti ndi la gulu, ndiye Lachinayi mubwere nalo.