Musanasaine pepala la malo, funsani mbumba

Kuno ku Luchenza anthu amandibweretsera mapepala. Ndine mphunzitsi, ndiye amati Chingerezi ndimachitha, ndipo mapangano ambiri ogulitsana malo amalembedwa m'Chingerezi ngakhale wogula ndi wogulitsa onse amalankhula Chichewa ndi Chilomwe. Ambiri amabwera atasaina kale, ndalama zitapita. Apo ntchito yanga imangokhala kuwauza zimene anavomera.

Ndikalandira pepala, mtengo ndimaudumpha kaye. Ndimafuna dzina la wogulitsa. Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje munda ndi wa mbumba, umachoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi, ndipo mwamuna ndi mkamwini basi, ngakhale atalimapo mpaka imvi. Komanso malo ndi ochepa, popeza mbali yaikulu inapita ku maesiteti a tiyi, choncho kachigawo kalikonse kali ndi maso ambiri okayang'ana.

Mayi wina wogulitsa tomato ku Bvumbwe anabwera asanasaine, mwayi wake. Pepala linali lotayipa bwino, chidindo cha amfumu chili pansi.

"Aphunzitsi, tandiwerengereniko, mawa ndikukapereka theka."

"Mayi, malowa ndi a ndani?"

"A bambo aja, ndi amene amalimapo."

"Nanga akazi awo asaina pati? Malume awo a akaziwo akudziwa?"

Anangoti zii. Pamzere wa mboni panali mayina awiri, onse anzawo a bambowo. Palibe mlongo, palibe mwinimbumba. Pepala lotere limagwira ntchito mpaka tsiku limene mwana wamkazi wa m'banjamo adzabwere kuchokera ku Joni n'kupeza maziko pamunda wa amayi ake. Ndinawauza kuti ndalama aigwire, akapemphe kuti akaziwo, abale awo ndi malume akhalepo, aliyense asaine kapena adinde chala, nambala ya chiphaso cha unzika ili pambali pa dzina.

Chidindo cha amfumu ndimachilemekeza, koma pachokha sichikwanira. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo: wapampando ndi gulupu, ndiye anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Komwe komitiyo ilipo, idziwe za malondawo. Malo a lizi, obwereka kwa zaka zoikika, ali ndi njira ina. Kumeneko pitani ku ofesi ya za malo ku Blantyre mukachite search, muone ngati dzina la pa title deed, chikalata cha umwini wa malo, ndi la amene akukugulitsaniyo, ngati malowo sanapinyolitsidwe ku banki, zaka zatsala zingati pa lizi (ambiri amakhala a zaka 99), komanso ngati ground rent, lendi ya malo yolipira ku boma, ilibe ngongole. Ngongoleyo mukaigona, mudzaipeza ikukudikirani tsiku losintha dzina.

Pa malire ndiye ndimakangana ndi anthu. Ndinawerengapo pepala lonena kuti malo akuthera pa phata la nthochi. Nthochizo zinatha ndi chisaka, kodi lero malire ali pati? Ena amalemba kuti "mpaka kumtsinje", koma amene anaona namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 akudziwa kuti mitsinje ya ku Mulanje inasiya njira zake n'kudzipangira zatsopano. Lembani mamita mbali zonse zinayi, mayina a oyandikana nawo, ndipo oyandikanawo aimirire pomwepo poyeza. Mukakhala ndi kangachepe, itanani saveya akhome mabikoni. Samalaninso ndi ekala ndi hekitala: hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, ndiye liwu limodzi lolakwika likhoza kukudyerani munda woposa theka.

Kenako ndalama. Ngati mukulipira pang'onopang'ono, pepala linene masiku ake, linenenso chimene chidzachitike mukachedwa. Mapepala ena ali ndi kamzere koti dipoziti sibwezedwa, kobisala chakumapeto komwe maso atopa. Funsani kuti nanga wogulitsayo akasintha maganizo, kapena abale akatulukira, ndalama yanu ibwera liti, ndipo yankho lilembedwe. Chilichonse mwapereka, lisiti. Mukatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, uthengawo musaufufute, koma wolandira asainebe.

Zing'onozing'ono nazo zimayambanitsa anthu: mitengo ya bulugamu ndi mapeyala ili pamalopo ndi ya yani, chimanga chili m'munda akolola ndani, njira yolowera ikudutsa kwa yani, manda mulibe kodi.

Pepala likakhala la Chingerezi, pemphani kuti alembe lina la Chichewa, kapena mupite nalo kunyumba ligone. Wogulitsa amene akuti musaine lero lomwe chifukwa wina akubwera ndi ndalama madzulo, ine ndimamukayikira. Ndipo ikakhala nyumba kapena malo a lizi, musathere kwa mphunzitsi ngati ine, pitani kwa loya. Aliyense atenge kope yake yokhala ndi masiginecha enieni, osati fotokope.