Ine ndinkangoteteza giyabokosi

Inde, ndine amene ndili mu vidiyo ija. Munthu wovala ovolosi amene akulondolera breakdown yodzakoka galimoto ya Vitz ku Malangalanga uku akukuwa kuti "bwerabe! bwerabe!" ndine ndithu, musanditumizirenso. Koma poti amakaniki anzanga a ku Biwi mwagamula kale kuti ndinalembedwa ganyu ndi a breakdown, imvaniko mbali yanga.

Galimotoyo ndi ya apongozi. Ndinaima pang'ono kuti ndigule mapadi a mabuleki, ndipo pobwerera ndinapeza chitsulo chachikasu chitaluma tayala la kumbuyo, loko wamkulu akulendewera. Akuti ndinaima pa mzere wachikasu. Mzerewo ulipodi, koma kuti uuone uyenera kubwera ndi tsache, chifukwa wakwiririka ndi fumbi ndi makoko a nzimbe. Mkulu wovala reflector anachita kuupala ndi nsapato kuti andionetse. Ndinati, "Bwana, ngati inunso mwachita kukumba, ine ndikanauona bwanji?" Sanaseke. Anangoimba foni.

Breakdown itafika, inabwerera chakumbuyo kwa galimoto, mnyamata n'kutsika ndi tcheni. Apa m'pamene mtima wa umakaniki unandipweteketsa.

Vitz imayendera matayala akutsogolo, ndipo iyi ndi ya automatic. Ukanyamula kumbuyo, matayala akutsogolo amatsala pansi. Giya ikakhala pa P, pamene timaika tikaimika galimoto, mkati mwa giyabokosi muli kachitsulo kamene kamakola kuti matayalawo asazungulire, ndiye ukakoka mokakamiza, kaya matayala akhuluzika pa tala kaya kachitsuloko kathyoka. Ngakhale uike pa N, pamene matayala amazungulira momasuka, injini ikakhala yozima pampu ya oyilo sizungulira, ndipo ukayenda mtunda wautali zamkati zimapsa zouma. Ndinangoona m'maganizo nkhope ya apongozi ndikuwauza mtengo wa giyabokosi ina.

"Aise, imitsa! Nyamulani kutsogolo!"

Kutsogolo kunali Probox itayandikana nayo kwambiri, breakdown sikanalowa. Panafunika kukankha Vitz kuti ituluke. Kuti ikankhidwe, chitsulo chija chichoke kaye. Kiyi wa loko anali ndi mnzawo amene anapita kukadya. Tinamudikira tonse pamthunzi wa khonde ngati anthu a pa maliro amodzi, ine mpaka ndinagula chimanga chowotcha n'kugawira amene akundilanda galimoto.

Mwina mufunsa kuti chitsulo chitachoka, makiyi ali m'manja mwanga, bwanji sindinangoliza n'kuthawa. Funso limenelo linandibwerera usiku nditagona. Panthawiyo ndinali pa ntchito. Ndinaika giya pa N, kutsitsa handibuleki, dzanja limodzi pa chiwongolero kudzera pa windo, phewa pa chitseko, n'kuyamba kukankha. Oitanira minibasi anabwera kudzathandiza. Wa kabaza wina anaimitsa magalimoto. Ndiye ine n'kupita kutsogolo kukalondolera dalaivala wa breakdown, manja m'mwamba, "bwerabe, pinda pang'ono, basi!" Vidiyo yanu ija yayambira pamenepo.

Sizinathere pomwepo. Mnyamata uja anafuna kukola tcheni pa tie rod. Tie rod ndi kachitsulo ka chiwongolero, kakapindika galimoto imayenda chammbali ndipo tayala limadyeka mbali imodzi. Ndinagona chagada pa fumbi, pakati pa tawuni, n'kumukolera ndekha pa chitsulo chochindikala cha pansi pa injini, mbali zonse ziwiri kuti isapendekeke. Bampala ya Vitz ndi pulasitiki, tcheni ikakoka imaiphwanya, ndiye pamafunika tayala lakale pakati. Iwo analibe. Ndinatsegula buti n'kuwabwereka sipeya. Ndinaonetsetsanso kuti handibuleki ili pansi, chifukwa matayala akumbuyo ndi amene aziyenda, ndipo ukaiwala amafika akufuka utsi. Nditamaliza ndinapukuta m'manja, n'kumenya kawiri pa denga ngati mmene timachitira galimoto ikatuluka pa garaja.

Mkulu wa reflector uja anandigwira chanza. Anati, "Bambo, anthu onse akanakhala ngati inu, ntchito yathu bwenzi ikukoma." Ine n'kuyankha kuti zikomo. Zikomo! Kenako ndinakwera kabaza n'kumalondola galimoto ya apongozi pambuyo, ndikuuza wa njinga kuti asaipitirire.

Kumene amasungira magalimotowo ndinamva kuti ndalama zake si imodzi: pali ya mlandu woima polakwika, ya breakdown, ndipo ikagona pali inanso ya malo. Ndinafunsa ngati angachotseko ya ntchito imene ndinagwira. Mayi wolemba malisiti anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa blue book. Dzina la mu blue book si langa. Anati mwini wake abwere ndi chiphaso.

Apongozi anafika pa minibasi kuchokera ku Area 25, chitenje cha ku mvano chili m'chiuno. Sanakalipe. Anazungulira galimoto yonse, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Nanga mabuleki aja mwakonza, bambo?" Mapadi ndinali nditawaiwala pa khonde paja tinkadyera chimanga.

Giyabokosi ili bwinobwino, aliyense amene akukayika abwere adzaiyese. Sipeya uja ndiye mpaka pano akuti akundifufuzira.