Tsiku limene ndinaphika apongozi

Ka Corolla kanga kanachokera ku Japan, kanalowera pa Songwe ngati anzake, ndipo zaka 3 zonse sikanandichititsepo manyazi. Kankadikira tsiku loti ndinyamule apongozi.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Salima kuno ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Mayi a kunyumba anandituma kukatenga mayi awo ku Nkhotakota. Kumbuyo tinadzazako matumba a mpunga, ndiye apongozi anakhala kutsogolo. Pa Chia anagula chambo. Ndinati tichimangirire pagalasi panja monga amachitira aliyense pamsewu wa M5, iwo anakana. "Fumbi, bambo. Ikani kumapazi kwangaku."

Tisanafike pa Benga, muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unachoka pakati n'kuyamba kukwawira ku H, mbali yotentha. Ndinakumbukira nzeru ya mnzanga wina woyendetsa minibasi: injini ikatentha, yatsa hita mpaka kumapeto, poti hita imakoka kutentha m'madzi omwewo a mu injini. Nzeruyo si yabodza ayi. Chimene sanandiuze n'chakuti kutenthako sikuthawira kutchire, kumalowa momwe mwakhala inumo. Tsoka lake, mphepo inali yolozetsa kumapazi.

Apongozi anga ndi munthu waulemu. Anavula mpango n'kumadzikupiza nawo mwakachetechete. Thukuta kamukamu. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali kutsogolo:

"Bambo, kodi pansipa mwasonkhapo moto?"

"Ayi mayi, ndi nyengo chabe."

Apo n'kuti chambo chija chitayamba kudziwitsa aliyense kuti chilipo.

Pa Benga ndinaima, n'kutsegula boneti. Dzanja likupita pachitsekerero cha rediyeta, makaniko wina wapansi pa mtengo anakuwa: "Madala, musakhudze! Mukufuna nkhope isupuke ngati mbatata yophika?" Anagwira mapaipi awiri a rediyeta, ina ikuotcha, inzake ili zii. Anati ndi thermostat, kachitseko kolola madzi kuchoka mu injini kupita kukazizira ku rediyeta, kakanirira kotseka. Injini itazizira anakamasula n'kundipatsa m'kajumbo.

"Izi anaikira chisanu cha ku Japan. Kuno kunyanja ntchito yake n'chiyani?"

Ndinavomera ndi mutu ngati munthu wodziwa zinthu.

Galimoto inasiyadi kuwira, koma inayamba matenda ena. M'mawa muvi unkangogona pa C, mbali yozizira, ndipo petulo ankatha ngati ndikumwetsa mudzi wonse. Makaniko wanga wa pa Kamuzu Road anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati injini yosafika pa kutentha kwake imamwa mafuta ambiri ndipo imaperepeseka msanga. Anandionetsa nambala 82 yodindidwa pakachitsuloko: m'kati muli phula, madzi akafika madigiri 82 phulalo limafufuma n'kukankha kachitseko. "Kaponyeni m'madzi owira. Kakatseguka n'kamoyo, kakapanda kutseguka kagula katsopano."

M'mamawa wake, anthu akadali mtulo, ndinakoleza mbaula, n'kutenga poto amene anali pafupi (sindinafunse kuti ndi wa chiyani), n'kuponyamo thermostat. Madzi anawira bwatabwata. Ine nyonyomala, maso tong'o ngati mwana wodikira chimanga chootcha. Kachitsulo kali duu. Kakufa. Ndinatuluka panja kukaimbira makaniko, poti m'nyumba netiweki imavuta, ndipo nkhani inapitirira mpaka kufika ku mpira.

Apongozi amadzuka molawirira. Anapeza madzi akuwira pambaula, anayamikira mumtima kuti mkamwini ameneyu analeredwa bwino, n'kuthiramo ufa wa phala. Akuvundula ndi mthiko anamva gogogo pansi pa poto. Atavuula, chinatuluka chinthu chachitsulo chokhala ndi sipuling'i, phala likuchucha.

Pamene ndinkalowa ndinapeza atachiika pambale, akhala pamkeka chapatali, mwana wawo ataima pambali manja ali m'chiuno.

"Mwanawe," anatero apongozi osandiyang'ana, "kondaine wa masiku ano akubwera wachitsulo?"

Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za phula, za madigiri 82, za chisanu cha ku Japan. Ndikamafotokoza, m'pamene nkhani inkaipiraipira. Phala linatayidwa kudzala, ndipo linayeneradi kutero, chifukwa mankhwala oziziritsa injini aja ndi poizoni. Poto uja, amene ndinauzidwa mokweza kuti inali mphatso ya paukwati, tsopano ndi wanga, ndimasungiramo mabawuti.

Thermostat yatsopano ndinagula, muvi unabwerera pakati. Tsiku lobwerera kwawo ndinatsuka galimoto mpaka kuwala, n'kuwatsegulira chitseko. Apongozi anayang'ana galimotoyo, anayang'ana ine, n'kusenza chikwama chawo pamutu.

"Zikomo bambo, ingondiperekezani pa siteji. Ndinapsa kale mbali imodzi."