Mwana woimba "ba be bi bo bu" sanayambe kuwerenga

Mtima wakhala pansi tsopano pa funso limene lakhala likundizunguza mutu pa nkhani ya kuwerenga kwa ana a makalasi oyambirira. Zimatheka bwanji kuti mwana amene amatchula tsamba lonse la buku lake osaphonya afike Sitandade 3 asakutha kuwerenga dzina lolembedwa pa khoma la golosale? Yankho lake ndi lalifupi mokwiyitsa: mwanayo sakuwerenga, akuimba. Waloweza ndondomeko ya maphatikizo ndi makutu, maso ake sanagwire ntchito, ndipo kholo likamumva akuyenda bwinobwino kuchoka pa "ba" mpaka "bu" limakhulupirira kuti sukulu ikuyenda.

Kuzindikira ngati mwana akuwerenga kapena akuimba kumatenga mphindi imodzi basi. Lembani "bu" payekha pansi, kenaka "ne", kenaka "ko", mosakaniza, musamuonetse tsamba limene analizolowera. Yang'anani milomo yake. Mwana woloweza amayambira chamumtima pa "ba", n'kumatsika "be, bi, bo" mpaka afike pamene akufuna, ndipo milomo imaoneka ikugwedera. Wina amangoponya phatikizo lililonse la banja lomwelo, akuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati walasa. Mwana amene wagwira njira amayang'ana lembo loyamba, kutchula liwu lake, kulikokera ku lembo lachiwiri, n'kutulutsa phatikizolo, ngakhale mochedwa. Wochedwa wotereyu ali patsogolo kwambiri kuposa wothamanga uja.

Za malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndi kusiyana kwa liwu ndi lembo sindibwereza, tonse tinazidutsa. Chimene sichinenedwa mokwanira n'chakuti Chichewa ndi chilankhulo chochitira chifundo wophunzira kuwerenga. Lembo "a" limamveka chimodzimodzi mu "amayi", mu "bambo" ndi mu "sukulu yathu". Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Ndiye kuti mwana akangodziwa kulumikiza liwu limodzi ndi linzake, mawu ambirimbiri amene sanawaonepo amatseguka okha. Ntchito yeniyeni ya kholo ili pamenepo, pa kulumikizapo. Zina zonse, yunifolomu, chikwama, kupita ku misonkhano ya makolo, n'zofunika, koma sizimuwerengetsa mwana.

Makolo ophunzira ndi amene amagwa m'mbuna ina yake yodabwitsa. Chifukwa chofunira mwana zabwino, amayamba kumuphunzitsa mayina a malembo a Chingerezi: eyi, bi, si, di. Tsono mwana akafika pa buku la Chichewa amapeza kuti lembo limene kunyumba amalitcha "eyi" aphunzitsi akuti "a", limene amalitcha "i" akuti "e", ndipo limene amalitcha "ayi" ndilo akuti "i". Malembo atatu mwa asanu asokonekera tsiku loyamba. Mukamuonetsa "ma" amati "emu eyi", ndipo palibe njira yochokera pa "emu eyi" kukafika pa "ma". Nyimbo ya alifabeti ingodikira. Poyamba mwana adziwe kuti lembo limalira bwanji, dzina lake adzalidziwa m'tsogolo.

Njira imene ine ndikuikhulupirira kuposa ina iliyonse ndi ya makadi odula pa katoni, ndipo ndinganene mosaopa kuti nyumba ya makadi ndi kholo lodekha iposa nyumba yodzaza mabuku ogula m'tauni. Pezani katoni yakale ya sopo, dulani timakadi tofanana ndi bokosi la machesi. Lembo limodzi pa khadi limodzi, laling'ono osati lalikulu, chifukwa m'mabuku malembo aang'ono ndiwo ochuluka. Yambani ndi makadi asanu a a, e, i, o, u, ndipo musachokepo mpaka mwana aziwatchula onse atasakanizidwa, mosaima kuganiza. Kenaka onjezani m, n ndi l. Chifukwa choyambira pa amenewa n'chakuti maliwu ake amakokeka: mutha kunena "mmmm" mpaka mpweya kutha. Ikani m kumanzere, a kumanja, pakati pakhale mpata wa chikhatho. Kankhani m pang'onopang'ono uku mukunena "mmmm", ndipo pamene makadi agundana tulutsani "a" osadula mpweya: "mmma". Chotsani a, ikani o. Chotsani o, ikani i. Musatsate ndondomeko ya a, e, i, o, u, chifukwa mukatero mwabwerera ku nyimbo ija.

Malembo monga k, t, p ndi b abwere pambuyo, chifukwa sakokeka. Munthu akafuna kutchula k payekha amapezeka wanena "ku" kapena "ki", mwana n'kuphatikiza "ku" ndi "a" kukhala "kua". Pa amenewa musatchule liwulo palokha mokweza. Konzani pakamwa ngati mukufuna kulitchula, kenaka lumphirani pa lembo la liwu nthawi imodzi. Malembo awiri atsopano pa sabata ndi okwanira. Ndi m, n, l, k, t ndi asanu aja muli kale ndi maphatikizo 25, ndipo amenewa amapanga mawu enieni: mano, mutu, moto, lima, tola, kalata, malata, kalulu, matimati. Amapanganso ziganizo: "Amalume akulima." "Tola kalata." Mwana asadikire kumaliza alifabeti yonse kuti alawe chiganizo chake choyamba. Sabata yachitatu akhale atawerenga kanthu kokhala ndi tanthauzo.

Nthawi yake ndi mphindi 15 patsiku, osapitirira, masana mwana atadya, dzuwa lisanalowe. Zitatu zoyamba bwerezani makadi akale mosakaniza. Zisanu zotsatira ndi za lembo latsopano. Zisanu zina mwana apange yekha mawu ndi makadiwo: inu nenani "mutu", iye asake makadi anayi n'kuwayala, kenaka mumuuze asinthe akhale "moto" aone yekha amene achoke. Ziwiri zomaliza alembe mawu awiri kapena atatu pansi ndi kamtengo, kapena pa simenti ndi khala, asakuona makadi. Kuchita ola lathunthu Loweruka lokha sikufanana ndi zimenezi. Mwana wa zaka 6 amatopa msanga, ndipo chimene waphunzira lero chimafuna kukumana nacho mawa chisanazilale.

Zolakwika zimene zimabwera kawirikawiri n'zodziwika. Kholo limamuuza mwana mawuwo asanalimbane nawo, mwana n'kuphunzira kuti akangokhala chete yankho libwera. Werengani chamumtima mpaka zisanu musanathandize, ndipo pothandizapo lozani lembo loyamba, musatchule mawu onse. Mwana wina amawerenga phatikizo loyamba n'kuponya zotsalazo: aona "ka" akuti "kalulu" pamene palembedwa "kalata". Ameneyu muphimbireni mawuwo ndi chala, muzitsegula phatikizo limodzilimodzi. Chithunzi chili pamwamba pa tsamba chiphimbidwenso mpaka atawerenga, apo ayi akuwerenga chithunzicho. Malembo b ndi d asaphunzitsidwe sabata imodzi, pakati pake padutse masabata angapo. Ndipo kukalipa kumaononga zonsezi, chifukwa mwana wamantha amasiya kuyang'ana khadi n'kumayang'ana dzanja lanu.

Pamene Chichewa chimalimbirako ndi pa malembo oyenda awiriawiri kapena atatuatatu, ndipo ana ambiri amene anayamba bwino amatitimira pomwepa. Lamulo langa n'lakuti ph, th, kh, ch, ny ndi ng' zilembedwe pa khadi limodzi, chifukwa ndi liwu limodzi. Mwana aike chikhatho patsogolo pa kamwa n'kunena "pala" kenaka "phala", "kola" kenaka "khola". Mpweya umene ukumenya chikhathowo ndiwo ntchito ya h. Pa ng' ndi ng, chiganizo chakuti "ng'ombe ikukoka ngolo" chili ndi zonse ziwiri, mwana amve kusiyana kwake asanaone kachizindikiro ka (') ka pa ng' kaja. Kenaka bweretsani mb, nd, nj, mv, ndipo pomalizira penipeni nkh, mph, nth ndi ntch za mu nkhuku, mphaka, nthochi ndi ntchito. Palinso m woima payekha. Ombani m'manja potchula "mbuzi", mupeza kawiri: mbu-zi. Ombani potchula "mkaka", mupeza katatu: m-ka-ka. Mwana amene sanamve kusiyana kumeneku amadodoma pa mtengo, mpira, mseu, mawu amene ali pa tsamba lililonse.

Apa mpamene ndimakwiya. National Reading Programme, pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga imene boma linayambitsa mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4, inamangidwa pa mfundo yomweyi ya maliwu ndi kuphatikiza, ndipo ndondomeko zake n'zabwino. Koma ukadutsa pafupi ndi makalasi ambiri chimene umamva ndi kwaya: mphunzitsi atchula, ana abwereza. M'kwaya yotere ana khumi akutsogolo ndiwo akuwerenga, enawo akutsatira mawu a anzawo. Ndikumvetsa kumene zinachokera. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero kalasi ya Sitandade 1 ya ana opitirira 100 si yachilendo. Mphunzitsi mmodzi sangamve mwana aliyense akuwerenga yekha. Komabe chimene sindichikhululukira ndi lipoti la kumapeto kwa teremu limene limangouza kholo kuti mwana wakhala nambala 47. Nambala 47 sikuuza munthu chochita madzulo ano. Kholo likapita kusukulu lisafunse kuti "akuchita bwanji mwanayu", chifukwa yankho likhala lakuti "akuyesetsa". Lifunse kuti, "Aphunzitsi, sabata ino muli pa lembo liti, ndipo ndi maphatikizo ati amene akumuvuta?" Lifunsenso ngati buku lingabwerekedwe kunyumba, ndipo likaloledwa likutidwe ndi pepala lolimba kapena pulasitiki. Buku lotsekeredwa mu ofesi poopa kung'ambika silinaphunzitsepo mwana.

Nthawi nayo ndi mdani. Teremu yachiwiri imagwera mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya mvula, kupalira, ganyu ndi njala m'makomo ambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mwana wa Sitandade 1 amakhala akuchoka pa malembo kupita pa mawu. Akajomba masabata awiri amapeza anzake adutsa malembo anayi kapena kuposa, ndipo kalasi sibwerera. Makadi aja amathandiza pomwepa, chifukwa safuna magetsi, ndalama kapena tebulo. Mwana wamkazi asakhale wotsiriza kukhala pansi chifukwa choti mbale ndi madzi zikumudikira. Ndipo ngati mwana amafinya maso, amayandikitsa khadi pamphuno, kapena sayankha mukamuitana chakumbuyo, ayambe waonedwa kuchipatala musanamutche waulesi.

Kholo losadziwa kuwerenga lili ndi gawo lalikulu kuposa mmene limaganizira. Kuomba m'manja maphatikizo a mayina a anthu a m'nyumba sikufuna pensulo. Kufunsa kuti "ndi mawu ati ena amene amayamba ngati moto" sikufunanso pensulo. Mkulu wake wa Sitandade 5 kapena 6 atha kugwira makadi, mayi kapena agogo n'kukhala pambali kuonetsetsa kuti mphindi 15 zija zakwana ndipo palibe akunyozedwa. Kholo lotere lithanso kugwira woloweza: limuuze mwana ayambire mzere wapansi kukwera m'mwamba, kapena liloze mawu apakati pa tsamba. Akamaliza limufunse kuti nkhaniyo ikuti chiyani, anachita ndani, chifukwa chiyani. Nthano ndi ndagi za madzulo zimadzaza mutu wa mwana ndi mawu amene adzakumane nawo m'buku. Izi n'zofunika koposa m'mabanja olankhula Chitumbuka, Chiyao, Chisena, Chitonga kapena Chilomwe, kumene mwana atha kuphatikiza bwinobwino mawu a Chichewa amene sakudziwa tanthauzo lake.

Mwana akayamba kuwerenga ziganizo, muyeseni kamodzi pa masabata awiri. Tengani ndime imene sanaionepo, tcherani mphindi imodzi pa foni, werengani mawu amene watchula molondola, lembani chiwerengerocho pa kalendala. Musamufanizire ndi mwana wa aneba, mufanizireni ndi iye mwini wa mwezi watha. Chiwerengero chikaima malo amodzi kawiri motsatizana, mvetserani mawu amene akumugwetsa. Kawirikawiri mupeza kuti ndi banja limodzi, kaya la nkh, kaya la m woima payekha uja, ndipo mubwerera ku makadi a banja lomwelo basi.

Pamene mtima wanga ukadali pawiri ndi pa Chingerezi. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE a MANEB ku Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, choncho kholo limene likufulumira nacho silikulakwa kuda nkhawa. Mbali ina ya ine ikuti mwana ayambe walimba pa Chichewa, chifukwa luso lolumikiza maliwu amalitenga n'kupita nalo ku chilankhulo china, ndipo Chingerezi pakadali pano azingochimva ndi kuchilankhula. Mbali ina ikuona kuti mwana wozolowera kuti lembo lililonse limalira mwa njira imodzi amadzakhumudwa akapeza kuti m'Chingerezi "a" yemweyo amasintha mawu ndi mawu, ndipo makadi anga a katoni pamenepo mphamvu zawo zimachepa. Mwina malire ake ndi pamene mwana wayamba kuwerenga ndime ya Chichewa mosadodoma n'kuifotokoza yekha. Mwina kudikira mpaka pamenepo n'kuchedwa kwa mwana amene kwawo samva Chingerezi n'kamodzi komwe. Ndikadasinkhasinkhabe.