Tinakamvetsera kulira kwa phiri la Nyiragongo

Tinalipo asanu ndi atatu, aphunzitsi a jogalafe okhaokha. Tinadzera ku Gisenyi, m'dziko la Rwanda, n'kuwoloka malire wapansi kulowa mu Goma, tauni ya m'dziko la DR Congo. Mipanda yambiri m'tauniyi ndi ya miyala yakuda bii, yochokera ku chiphalaphala chamoto cha phiri la Nyiragongo. Mu Januwale 2002 chiphalaphalacho chinadutsa pakati pa tauni mpaka kukathira m'nyanja ya Kivu.

Chomwe tinapitira chinali ku Goma Volcano Observatory, komwe amalondera phirili usana ndi usiku. Katswiri wina wachinyamata anatiimika pa kompyuta yodzaza mizere yokhotakhota, yochokera ku makina oyezera kugwedezeka kwa nthaka omwe anawaika mozungulira phiri.

Mnzathu wa ku Karonga, yemwe anagona panja masiku ambiri pa zivomerezi za mu Disembala 2009, anafulumira kuloza pamene mzere unadumpha. "Ichi ndiye chivomerezi, ndikuchidziwa."

"Mwalasa, aphunzitsi," anatero katswiriyo kudzera mwa womasulira. "Apo thanthwe lathyoka, kamodzi n'kamodzi. Nanga apa?"

Analoza mzere wonenepa, wopanda poyambira kapena pothera. Tonse tinangoti kakasi. Uku, anati, ndi kunjenjemera komwe amati tremor: miyala yosungunuka ndi mpweya zikamayenda m'ming'alu, nthaka imalira osalekeza, maola kapena masiku. Ine ndinakumbuka chigayo cha dizilo cha kwathu, momwe pansi pamanjenjemerera ukakhala pa thumba kudikira mzere.

Pomwe panavuta ndi apa. Pamwamba pa Nyiragongo pakhala pali dziwe la chiphalaphala lobwata kwa zaka zambiri, ndiye kunjenjemera kotere n'kwa tsiku ndi tsiku. Chomwe amayang'ana n'kusintha kwake, kaya kwakula, kwasuntha malo, kapena kwangoti zii mwadzidzidzi. Ngakhale pamenepo samadalira mzere wokha, amayezanso mpweya wotuluka ndi kutupa kwa nthaka.

Ndinafunsa za pa 22 Meyi 2021. Tsikulo phiri linang'ambika m'nthiti popanda chizindikiro cha masiku angapo, ndipo makina anamva zachilendo patangotsala nthawi yosakwana ola limodzi. Zivomerezi zambiri zinabwera pambuyo, zikusunthira kummwera, kunsi kwa Goma ndi nyanja, kutsatira miyala yosungunuka yomwe inkaboola njira pansi. N'chifukwa chake pa 27 Meyi akuluakulu analamula kuti mbali ina ya tauni isamuke. Kunena zoona, m'kalasi ndakhala ndikuphunzitsa ngati phiri limagogoda kaye lisanalowe, ndipo notsi zimenezo ndazilembanso.

Pobwerera tinaima ku Gisenyi, komwe zivomerezi za 2021 zinang'amba nyumba ndi misewu. Mnzathu wa ku Karonga uja anapisa chala mu mng'alu wa khoma lina, nati ukufanana ndi wa kukhitchini kwa amayi ake.