Za pati taimu ya mwana mmodzi pa masabujekiti angapo

Kuno ku Mzuzu mwana akangolowa Fomu 4 makolo amayamba kusakasaka aphunzitsi a pati taimu, ndipo ambiri amafuna sabujekiti iliyonse ikhale ndi mwini wake, wa masamu payekha, wa kemisitili payekha, wa Chingerezi payekha, ndiye mwana amangokhalira pa kabaza kuchoka ku Chibavi kupita ku Katoto kenako ku Luwinga, pofika kunyumba watopa ndipo kope ladzadza manotsi omwe sawerenga n'komwe. Ine ndimaphunzitsa mtsikana mmodzi yekha kunyumba kwawo, masamu, fizikisi, kemisitili, bayoloje, jogalafe komanso agirikacha pang'ono, ndipo pali chinthu chomwe ndachiona chifukwa choti masabujekiti onsewa amadutsa m'manja mwanga, chomwe sindikanachiona ndikanakhala ndi imodzi yokha.

Mayi ake pondiitana anandipatsa lipoti la Fomu 3 n'kunena kuti, "Madamu, mwanayu sayansi yonse yamukana, muoneni kaya mungamuthandize." Lipotilo linalidi loipa pa fizikisi, kemisitili ndi jogalafe, bayoloje anali pakatikati. Munthu ukaliona choncho umaganiza kuti pali mavuto anayi osiyana. Koma titayamba kukhala pansi ndinaona kuti malo omwe amagwera ndi amodzimodzi, amangosintha dzina la buku basi.

Pa kemisitili fomula ya mamolo (muyeso wa kuchuluka kwa chinthu) amaidziwa pamtima, akuuzani bwinobwino kuti ugawe kulemera kwa chinthucho ndi RFM yake, nambala yosonyeza kulemera kwa molo imodzi ya chinthucho. Ndiye ndimupatse magalamu 10 a sodium hydroxide, RFM yake 40, iye amalemba 4. Wagawa 40 ndi 10 chifukwa m'mutu mwake nambala yaing'ono singagawidwe ndi yaikulu, yankho loti 0.25 limamuoneka ngati walakwitsa. Pa jogalafe mapu a sikelo ya 1:50,000 amamuzunguza mutu, osati chifukwa sadziwa kuwerenga mapu, mitsinje ndi mapiri amaziona bwino, koma kuchoka pa masentimita 50,000 kufika pa mamita 500, kuti masentimita awiri pa pepala akhale kilomita imodzi pansi, pamenepo ndiye amaima. Pa bayoloje Punnett square (tebulo yosonyeza mmene makhalidwe a makolo amapitira kwa ana) amajambula yokongola kwambiri ndipo 3:1 ya mbewu zazitali ndi zazifupi amaipeza, koma mukangoti mbewu zonse zilipo 200, zazitali zingakhale zingati, 150 ija siituluka. Pa fizikisi ndi zomwezo, mafomula onse ali m'mutu koma kusuntha chilembo kuchoka mbali ina ya equation kupita mbali ina kumamuvuta.

Zonsezi ndi mafulakishoni, madesimo ndi ratio, zinthu za ku pulayimale ndi Fomu 1. Mphunzitsi wa kemisitili yekha akanangoti mwanayu samva mamolo n'kumubwerezera mamolo kachiwiri, wa jogalafe naye n'kumubwerezera mapu, aliyense kumata denga pamene pakudonthera chipinda chake pomwe lata lobooka ndi limodzi. Sindikuwanena aphunzitsi a kusukulu kwake ayi, kalasi ikakhala ndi ana ochuluka ngati mmene zilili m'ma CDSS ambiri palibe yemwe angakhale ndi mwana mmodzi mpaka kuona pomwe bolopeni yake ikuimira.

Ndiye tinasiya kaye silabasi ya Fomu 4 kwa kanthawi n'kubwerera m'mbuyo. Mayi ake sizinawasangalatse poyamba, ndipo ndimawamvetsa, munthu ukulipira ndalama ndiye ukupeza mwana wako wa Fomu 4 akugawa manambala ngati wa Sitandade 6, mayeso ali pafupi. Ndinawafotokozera, anati chabwino tione. Chomwe chinandithandiza kwambiri ndi agirikacha, chifukwa mtsikanayu tchuthi chilichonse amapita kumudzi kukalima ndi agogo ake ndipo za kumunda amazidziwa kuposa ine. Tinatenga kabzalidwe ka chimanga kaja ka mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Ndinamufunsa kuti pa hekitala, yomwe ndi masikweya mita 10,000, mungalowe mbewu zingati. Anavutika nazo, anasintha masentimita kukhala mamita, 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, kenako kugawa, mpaka anapeza 53,333. Apa ndi pomwe anaona koyamba ndi maso ake kuti ukagawa ndi nambala yochepera 1 yankho limakula, ndipo sanakane chifukwa munda amaudziwa, akudziwa kuti mbewu pa hekitala zimakhaladi zambiri chonchi. Tsiku lomwelo tinabwerera ku mamolo ndipo 0.25 ija sinamuopsenso.

Bowo lachiwiri ndi Chingerezi cha m'mafunso. Mayeso a MANEB kupatula pepala la Chichewa amabwera m'Chingerezi, ndipo mwana amene kunyumba amayankhula Chitumbuka, ndi anzake Chichewa, Chingerezi n'kumangokumana nacho m'kalasi, amatha kudziwa nkhani yonse koma osayankha chomwe wafunsidwa. Funso la malikisi anayi loti afotokoze mmene chinthu chimachitikira iye amayankha ndi mawu awiri, lina longofuna kutchula dzina amalemba ndime yonse nthawi n'kumatha. Izi ndinaziona pa bayoloje, ndinazionanso pa jogalafe, ndiye panopa funso lililonse asanalembe amayamba wandiuza m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kuti akufuna chiyani anthuwa, akaona malikisi ali m'mbalimo, kenako ndiye alembe. Chingerezi sindimuphunzitsa ngati sabujekiti, koma mphunzitsi wake wa kusukulu anamuuza kuti summary ndi note-making zayamba kuyenda, ndipo ine ndikukhulupirira kuti zachokera pomwepa, kuzolowera kufunsa kuti mfundo yeniyeni ndi iti.

Chifukwa china chomwe ndimakondera kuona masabujekiti onse pamodzi ndi mmene MSCE imawerengedwera. Magiredi amayambira 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walephera. Mapointi amawerengera masabujekiti sikisi omwe wakhoza bwino, ndipo kuti uganiziridwe ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, kaya ndi pa Mzuni pompano kaya MUBAS kaya LUANAR, pamafunika makirediti sikisi kuphatikizapo Chingerezi. Ndiye mwana kukhala ndi 2 pa bayoloje koma 7 pa Chingerezi sizimuthandiza. Munthu amene akuona zonse amatha kunena kuti sabata ino bayoloje tiisiye kaye ili bwino, mphamvu tiike pomwe pali 7 kuti ifike pa 6 kapena 5. Aphunzitsi osiyanasiyana aliyense amakokera kwake ndipo aliyense amapereka homuweki ngati mwanayo alibe sabujekiti ina.

Pali zomwe pati taimu ya pakhonde singathe. Mapulakitiko a kemisitili ndi fizikisi amafuna labu, titration, kudonthetsera mankhwala ena mwa ena pang'onopang'ono kuja, sungaiphunzire pongoijambula, mwana ayenera kugwira burette, chubu chagalasi chodonthetsera mankhwalawo, ndi dzanja lake n'kuona mtundu ukusintha. Ndinawauza mayi ake kuti pa izi asamajombe kusukulu tsiku lililonse lomwe kuli pulakitiko, ngakhale kugwe mvula ya ku Mzuzu ija yosakata. Za bayoloje zina timayesa pakhomo, kudula duwa, kujambula tsamba n'kuwerengera magnification, kukula kwa chojambulacho poyerekeza ndi tsamba lenileni, zomwe ndi kugawa komwe kuja.

Ndipo kwa makolo amene muli ndi wa pati taimu kale, tsiku lina mudzangokhala chapatali n'kuona kuti bolopeni ili m'manja mwa ndani. Ngati ola lonse akuyankhula ndi kulemba ndi mphunzitsi, mwana akungogwedeza mutu, mukulipira kalasi yachiwiri yofanana ndi ya m'mawa ija. Kwa ife amalemba ndi mtsikanayo, ine ndimakhala chete mpaka alakwitse, ndipo akalakwitsa sindimuuza yankho, ndimamufunsa kuti wafika bwanji pamenepo. Nthawi zina zimatenga mphindi zambiri pa funso limodzi ndipo amakwiya nane, koma ndi momwe ndinadziwira za 40 ndi 10 zija. Chinanso mumupatse mpata, mtsikana akaweruka n'kupeza mbale, madzi ndi kuphika zonse zikudikira iyeyo pomwe achimwene ake ali ku mpira, pofika nthawi yowerenga maso akutsekeka. Nkhani imeneyi tinakambirana ndi mayi ake ndipo ntchito anazigawa.

Mayeso amabwera nthawi yozizira, cha mu June ndi July, ndiye kuyambira mwezi wa mawa tiyamba kulemba mapepala akale a MANEB athunthu, wotchi ili patebulo, m'mawa Loweruka kuti azolowere kulemba zala zili zozizira. Tiyambira masamu pepala loyamba.