Tsiku lomwe Columbia sinatere

Chombo cha mumlengalenga cha ku America chotchedwa Columbia chinaphwasuka Loweruka pa 1 February 2003, ine ndili mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito ku Ngabu. Kuno inali cha m'ma 4 koloko masana, koma nkhaniyo ndinaimva usiku pa BBC, nditakhala pakhonde poti m'nyumba simunkalowedwa ndi kutentha, udzudzu nawo uli kaliki m'miyendo.

M'chombomo munali anthu 7. Anali atatha masiku 16 mumlengalenga, ndipo panangotsala mphindi 16 kuti atere ku Florida. Chinasweka pamwamba pa Texas, zidutswa n'kumagwera m'minda ndi pamakomo a anthu mpaka ku Louisiana. Dzina lomwe linandikhala ndi la Kalpana Chawla, mayi wobadwira ku India yemwe anali m'chombomo, chifukwa Lolemba lake ndinalilemba pabolodi kuti atsikana a m'kalasi mwanga alione.

Malume anga atamva anangoti, "Mphwanga, ankakatenga chiyani kumeneko? Ife kuno tikusowa ufa." Njala ya 2002 inali isanachoke m'nyumba zambiri, ndiye sindinawatsutse.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero ndi chomwe chinadzadziwika pambuyo pake. Pa 16 January, patangodutsa masekondi 82 chombocho chinyamukire, chidutswa cha fomu, thovu louma lopepuka lomwe anakutira thanki yamafuta, chinathothoka pathankiyo n'kumenya phiko lakumanzere. Fomu, a anthuni, yosafika n'kilogalamu imodzi yomwe! Koma pa liwiro lomwe chombocho chinkathamanga inaboola phikolo, ndipo pobwerera mpweya wotentha kwambiri unalowera pomwepo n'kusungunula zam'kati. Makamera anajambula kumenyako. Mainjiniya ena anapempha kuti phikolo lijambulidwe chombocho chikadali kumwamba, koma akuluakulu a NASA, bungwe la America loyendetsa zombozi, sanalole. Fomu inali itathothokapo pa maulendo ena m'mbuyomo, zombo n'kumabwerako bwinobwino, ndiye anali atazolowera. Zinateronso ndi chombo china chotchedwa Challenger mu 1986: vuto la mphira zotsekera molumikizira maroketi linkadziwika kale, koma chombo chinanyamuka m'mawa wozizira, anthu enanso 7 n'kufa, mmodzi mwa iwo mphunzitsi ngati ine, Christa McAuliffe.

Maganizo amenewo ife kuno timawadziwa. Chaka china ndikuwoloka pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga, ndinaona mng'alu pansi pa bwato, wotsekedwa ndi chisanza, madzi akulowa pang'onopang'ono. Nditafunsa, wopalasa anaseka. "Aphunzitsi, bwatoli lakhala likuwoloka chonchi kuyambira kale, khalani pansi." Anapatsa mwana wina chigubu chodula kuti azikapa madzi. Ndinakhaladi pansi, poti tsidya linalo kunali maliro ndipo bwato lina panalibe.